Bambo avala kazako, chajambulidwa ndi chiwala

Mwaswera bwanji nonse. Tamvani zachitika lero kuno ku Zóbuè.

Zito, mwana wa achimwene Paulino, wabwera kuchokera ku Moatize ndi makina ake ojambulira aja, aakulu ngati mtondo. Tinamuitana kuti adzajambule bambo, poti akufooka ndipo tilibe foto yawo yooneka ngakhale imodzi. Bambo asamba m'mamawa, avala kazako, jekete yawo ija, n'kukhala pampando pakhonde.

Zito akuti tidikire kaye, dzuwa silinakhale bwino. Walowa m'munda wa nyemba, wagona chafufumimba, n'kuyamba kuthwanimitsa fulashi pa chiwala mpaka masana. Pobwerako, tili mkati moonera zimene wajambula, bateriya yatha, ndipo chotchajira wasiya ku Moatize.

Koma chiwalacho chatuluka bwino, abale. Minga ya kumiyendo mutha kuiwerenga, diso ngati la ng'ombe.

Bambo achiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti: "M'ma 1950, ndikugwira ntchito kumgodi wa malasha, kunali Mpwitikizi wina wamisala yomweyi. Lamulungu ankanditenga kutchire kuti ndizimugwirira tsamba, iye n'kumaphulitsa mababu ojambulira pa tizilombo. Koma ujayo bola, chala changa chinkatulukako."

Atatero avula kazako, alowa m'nyumba kukagona. Zito wakwera minibasi ya shapa, akuti adzabweranso akadzapeza mpata.

Ndiye ndikufunseni, makamaka inu achimwene, mwana ndi wanu. Mulungu akadzawatenga bambo, pabokosi tidzaike chiwalachi?