Njelwa za amai pa holo ya ku Kabwata

Tsiku lomwe tinatsitsa njelwa pa holo ya ku Kabwata panali amai, amalume, aphunzitsi, ba tcheyamani a komiti ndi jekete lao, komanso ine, chikombole choumbila njelwa chili pamutu ngati chisoti. Chikombolecho ndikali nacho. Mukabwela kwanga mudzachiona.

Chaka chimenecho holo inachepa. Ukwati mkati, msonkhano pakhonde, azimai ophunzila kusoka pansi pa mtengo. Komiti inati banja lililonse lisonkhe, tionjezele chipinda chosokela. Atate anali atamwalila, ndalama kunyumba kunalibe. Koma amai sanali munthu woti dzina lao lisowe pa osonkha, ai. Anati, “Kwathu ku Chipata tchalitchi tinamanga ndi manja. Ife tipeleka njelwa.”

Chilimwe chonse tinathela ku Lilayi, pa chulu chomwe amalume anapempha kwa mnzao. Dzuwa lake lija! Ine kuponda dothi, amalume kuumba, amai kuyala. Zidendene zinang'ambika, dothi likauma m'miyendo limayabwa ngati chitedze. Kamtambo kakangooneka, amai tulo tonse balala, kuthamangila udzu wofunditsa. Titaotcha uvuni, zovala zinanunkha utsi mpaka Khilisimasi. Ana a lelo mungathe zimenezo? Inu kunyamula foni kokha mwatopa.

Titatsitsa, ba tcheyamani anagogoda njelwa imodzi ndi kiyi wa galimoto. Anati m'Chibemba chao, “Shani, ba mayo? Nchiyani ichi? Kuno ku tauni timamanga ndi mabuloko a simenti.” Aphunzitsi anawakokela pambali, ananong'onezana, kenako anabwela nkuti, “Zigwila ntchito, amai, musadandaule.” Ine ndinangomva zakuti zigwila ntchito. Ndinathamanga Kabwata yonse ndikukuwa kuti holo akumanga ndi njelwa za amai anga. Yemwe anatsutsa ndinammenya.

Tsiku lotsegulila chipinda anthu anavina, makoma opaka pulasitala ndi laimu ali mbee. Amai anakhala kumbuyo, manja pa miyendo. Kusoka sanapiteko ngakhale tsiku limodzi. Ndinkati ndi kutopa.

Tsopano mvelani. Mwezi wathawu kunapezeka a bungwe lina ofuna kuthandiza kukulitsa holo, akuti pakhale laibulale ndi chipinda cha makompyuta. Mwana wanga ali m'komiti, ndiye anandiuza kuti chipinda chosokela achigwetsa. Sindinakhale pansi. Ndinavala suti, nkukwela minibasi kuchoka ku Chelstone, nkulowa mumsonkhano osaitanidwa. Mau anga mumawadziwa, maikolofoni sindiifuna. Ndinamenya khoma la chipinda chosokelacho ndi ndodo, ndati, “Ili ndi thukuta la amai anga! Woligwetsa ayambe wagwetsa ine!” Ndinatuluka mtima uli m'malo.

Mwana wanga ananditsatila panja. Anandigwila mkono nkuzungulila nane kuseli kwa holo, komwe udzu umafika m'chiuno. Pamenepo pali kachimbudzi kakale kopanda chitseko, kosapaka pulasitala, njelwa zake zofiila, zokula ndendende ngati chikombole changa.

Anati, “Atate, khoma lija tinaliboola kale poyeza, ndi mabuloko okhaokha. Njelwa za agogo ndi izi. Mukafuna, ndikawauze kuti pano asagwetse.”