Tcheya Woswa Miyala wa ku Chawama

Linali Lachinayi, dzuwa litapendeka. Pakhonde la nyumba ina ku Chawama, a Dalton ankakonza tayala la wilibala, mwana wawo Luyando akusadzula chibwabwa, ndiwo ya masamba a maungu. Mkazi wa a Dalton, Vera, anafika nakhala pansi osavula nsapato.

"Amake Luyando, kwagwanji?" anafunsa a Dalton.

"Banisankha," anatero Vera. "Ine. Tcheya wa bazimayi ku tchalitchi."

Sipanala inagwa m'manja mwa a Dalton. "Bamene baja benze kukusekani?"

Inu owerenga, mumvetse chimene chinawadabwitsa. Vera anakula wamasiye, sukulu anailekera giredi 3, ndipo ankadya za kuswa miyala m'mbali mwa msewu wa ku Misisi. Tsiku lina anapatsidwa kuwerenga mawu pagulu, anachita chibwibwi mpaka azimayi anabisa nkhope m'zitenje ndi kuseka. Sanaleke kupita. Kwa zaka zisanu ankakolopa tchalitchi, kuphika pamaliro, ndi kuphunzira zilembo kwa mwana wake.

Pa chisankho cha gululo, opikisana amaima chofulatira, anthu nkundanda kumbuyo kwa amene akumufuna. Vera anaima pongolemekeza amene anamutchula. Atacheuka, mzere wake unali utatulukira pakhomo.

Kudabwa kusanathe pakhondepo, anatulukira a Hilda, mlembi wa gulu, ali wefuwefu.

"Ba tcheya, ba Nsofwa bamwalira."

A Nsofwa anali mayi amene mpingo unamuimitsa chifukwa chotcheza kachasu. Lamulo linali lakuti pamaliro a woimitsidwa gulu silivala yunifomu. A Hilda anati azimayi agawikana kale: ena akuti asapondeko, ena akuti ngati gulu silipita, iwo atulukamo. Tsiku lopita kumaliroko linali mawa lake.

"Mailo tichite bwanji? Bonse bayembekeza imwe."

Vera anaimirira. Tsiku loyamba lomwe, gulu limuswekere m'manja? Analowa m'nyumba nagwada pambali pa bedi.

"Ambuye," anatero, "mwala ndimadziwa poumenya kuti usweke. Koma awa ndi anthu anu. Ndipatseni nzeru, ndisaswe ngakhale mmodzi."

M'mawa azimayi anasonkhana pabwalo la tchalitchi, ena uku ena uko, osapatsana moni. Tcheya wawo anatulukira atavala chitenge chakale cha ku miyala, chigubu cha madzi chili pamutu. Onse anangoti kukamwa yasa.

"Ba tcheya, yunifomu ili kuti?" anafunsa a Hilda.

"Ili ku nyumba, lamulo nalisunga," anayankha Vera. "Koma lamulo lakamba vovala, silinakambe manja yathu. Bana ba Nsofwa balibe manzi. Ine nayenda."

Anatembenuka osadikira yankho. Kenaka mayi wina wachikulire, amene dzulo lake anakana kwamtuwagalu, anavula duku la gulu, nalipinda bwinobwino, nafunsa, "Nanga vigubu vinangu vili kuti?"

Pofika masana, azimayi onse anali pampopi wa pafupi ndi nyumba ya maliro, akulandizana zigubu ndi kukangana za amene wadumpha mzere.

Mwina nanunso mwasenzetsedwa udindo umene mukuona kuti wakukulirani. Musauthawe, ndipo musadalire mutu wanu wokha. Gwadani, pemphani nzeru kwa Mwini wake, kenaka dzukani mugwire ntchito ili patsogolo panu. Mtima usagwe, abale.