Laputopu Yotsina Ine Ndekha

Mwana wanga wamkazi atayamba ntchito m'tauni, ankabwera ndi laputopu ya kuofesi kunyumba kwathu ku Kawale. Anati ndiphunzire kutayipa, poti zilembo ndinazidziwira kusukulu ya kwacha imvi zitamera kale.

Tsiku loyamba ili pachaja, nditangoika dzanja pambali pake, inanditsina. Osati kwambiri, ngati nyerere ziwiri zitatu. Mwanayo anaigwira, sanamve kanthu. Amayi ake anaigwira, sanamve kanthu. Ndinagwiranso ine, inatsina.

Pomwepo ndinadziwa kuti ndi malemu mng'ono wanga. Tili ana, ndikamulakwira sankayankhula, ankangonditsina padzanja. Atadwala kumudzi ku Dedza anandilembera kalata yondiitana. Nthawi imeneyo sindinkatha kuwerenga, ndipo kupempha munthu ndinachita manyazi, ndiye ndinaisunga m'thumba la jekete. Uthenga wa maliro unandipeza kalatayo ili chimatire.

Choncho m'mawa uliwonse, mwana akusamba, ndinkakhala patsogolo pa laputopuyo, chala pachitsulo, n'kumayankhula ndi mng'ono wangayo. Ikatsina kwambiri, ndinkapepesa kwambiri. Mlungu wachiwiri ndinayamba kuiikira kapu ya tiyi pambali, shuga masupuni atatu monga ankakondera.

"Ababa, mukucheza ndi katundu wa abwana anga?"

"Ndi nkhani za pabanja, sizikukhudza."

Mwanayo anakaitana wamagetsi wa kumsika. Bamboyo sanayang'ane n'komwe laputopu, anayang'ana mapazi anga.

"Madala, nsapato zanu anakulandani ndani?"

"M'nyumba mwanga momwe ndizivala nsapato ngati mlendo?"

"Amayiwa ndi achemwaliwa avala patapata. Inu mwaponda simenti. Magetsi akufuna njira yopitira pansi, ndiye apeza inuyo."

Anatitengera kuseri kwa nyumba, pansi pa mita, n'kutionetsa waya wobiriwira ukungolendewera.

"Apa panali chitsulo cha ethi, cholowa m'nthaka. Chili kuti?"

Chitsulocho ndinachizula ndine zaka zapitazo, poona ngati amisiri anachiiwala. Chinali m'kadimba, nditamangirirapo tomato. Amayi a mwana anandiyang'ana, kenako anakachizula okha, tomato n'kugwa.

Wamagetsi anakumba, kuchikhomera, kuthira makala, mchere ndi ndowa ya madzi. Anati m'chilimwe ndizichithirira. Ndinamufunsa ngati chimabereka. Anati ndingothirira basi.

Titabwerera m'nyumba anandiuza kuti ndigwire. Ndinagwira ndi chala, kenako chikhatho chonse, kenako ndinanyowetsa chala ndi malovu. Zii.

"Ndiye milungu itatu yonseyi ndimapepesa kwa yani?"

"Kwa simenti, madala."

Onse anaseka, ndipo inenso ndinasekako poti mlendo anali akadali pakhomo. Koma ndinali ndisanamalize. Mng'ono wangayo ndinali nditamuuza za ana ake, za mbuzi zake, za denga la nyumba yake lomwe linagwa ndi mvula. Za kalata ija ndinkasungira kudzamuuza Lamlungu.