Belu la bambo pa chitunda cha ku Nsanama

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinayamba kudana ndi munthu, chidani chenicheni chogona nacho n'kudzuka nacho. Munthuyo anali a Jelevazio, mnzawo wa bambo anga pa geni ya nsomba.

Masiku amenewo, munthu usanalowe mumsika unkayamba waonetsa khadi la chipani. Bambo ankapikula nsomba ku Chiuta n'kukagulitsa ku Liwonde, nthawi zina mpaka ku Balaka. Sankayenda okha iyayi. Linali gulu la njinga, mtsogoleri wake Che Amidu, ndipo linali ndi lamulo lake: palibe ankaloledwa kunyamula zida zonse. Che Amidu ankasunga masipanala, a Jelevazio pampu, bambo kachitini ka zigamba ndi sulushoni. Ankatero dala kuti wina asamathawe anzake. Ankayenda mondondozana, ndipo wa kumbuyo akapeza vuto ankaliza belu, amene ali patsogolo pake n'kuliza lake, mpaka gulu lonse liime.

Tsiku lina mu Juni kunagwa chiperoni. Chifunga chinali bii, moti wachitatu kutsogolo sunkamuona. Bambo anali kumapeto, patsogolo pawo a Jelevazio. Pa chitunda cha ku Nsanama tayala la bambo linaphwa. Analiza belu, koma gulu linapitirira. Anamata chubu bwinobwino, nanga apopa ndi chiyani? Anakankha njinga ndi dengu lake tsiku lonse, malaya atanyowa, mphepo ikuwalowa m'nthiti. Anabwerera kunyumba akutsokomola, ndipo mwezi usanathe chibayo chinawatenga.

Asanamwalire anandiuza, mawu akutuluka pang'onopang'ono: "A Jelevazio anatembenuka, mwanawe. Tinayang'anizana m'maso."

Chifukwa chake sichinali chobisika. Tsikulo awiriwo ndi okhawo amene ananyamula milamba yowamba, ena onse matemba. A Jelevazio anafuna kuti milamba yawo ikakhale yokha pamsika. Koma pamaliro, munthu yemweyo anagwira mayi anga dzanja, misozi ili mbwee, n'kunena kuti, "Mlamu, belu sindinalimve ine." Anthu anawakhulupirira. Ena mpaka ankanong'onezana kuti mwina malemuwo anali atalawako kachasu n'kutsalira okha. Bambo anga, amene ngakhale thobwa lowawasa ankalikana! Zinandiwawa kuposa imfa yeniyeniyo.

Ndinasiya sukulu, ndinatsitsa chishalo cha njinga ya bambo, n'kukapempha malo m'gulumo. Che Amidu anandiyang'ana miyendo, naseka.

"Timiyendo iti tikafika ku Liwonde?"

"Tikafika," ndinatero.

Anandipatsa malo a bambo, kumapeto, ndi kachitini kawo komwe.

Chaka chathunthu ndinapalasa ndikuyang'ana msana wa a Jelevazio. Ndinaloweza chigamba cha jekete lawo, ndinaloweza mmene tayala lawo lakumbuyo linkaperepesekera. Ndinkawapatsa moni mwaulemu, mumtima ndikuti mlandu suola. Kangapo ndinaganiza zowatchera minga ya mthethe pamene ankatsamiritsa njinga, koma ndinkadziletsa. Ndinkafuna msewu womwewo uwagwire wokha, anthu akuona.

Chisanu chinabweranso. Tinanyamuka ku Chiuta kutangocha, mwera ukuwomba, zala zitauma pa mahandulo moti kugwira buleki kunali ngati kugwira mpeni. Milomo inang'ambika, mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Titadutsa Ntaja kunayamba kuwaza kamvula kaja. Ndiyeno, tisanafike n'komwe pa chitunda chija, ndinamva phuu! Njinga ya a Jelevazio inagwedezeka, dengu n'kupendama. Analiza belu mwamphamvu, gulu lonse linaima.

Mtima wanga unavina, sindinama.

Anatulutsa chubu, napeza pobooka, natambasula dzanja osandiyang'ana n'komwe. "Iwe, bweretsa zigambazo."

Ndinakhala pa keliyala, kachitini kali m'thumba la kabudula.

"Wagontha? Ndati zigamba!"

"Sindinamve," ndinayankha.

Amuna onse aja anadziwa kumene mawuwo achokera. Wina anatsokomola, wina anayamba kumanganso mphira wa dengu lake umene unali womanga kale. A Jelevazio anatembenukira kwa mtsogoleri.

"Che Amidu, mukumuona mwana wamwanoyu? Mulandeni!"

Che Amidu anafunda bwino mpango wawo, nakhala pa mwala. "Chitini n'chake. Inu muli ndi pampu. Popani."

A Jelevazio anayesadi, poti manyazi anawagwira. Anabwezera chubu chobooka, napopa. Mpweya unkangotuluka, fyii. Anamanga pobookapo ndi luzi, napopanso. Fyii. Kamvula kanakula, jekete lija linamatirira pamsana, mano akugundana. Ife tonse tinkazizidwa limodzi nawo, pakuti lamulo silinkalola kumusiya munthu, ndipo nsomba zathu zinkanyowa. Koma palibe anandiuza kuti ndipereke. Ine ndinkangowayang'ana, ndikuwerengera m'mtima kuti bambo anazizidwa chonchi tsiku lonse, okhaokha.

Kenaka a Jelevazio anaponya pampu pansi. Anabwera pamene ndinakhala, munthu wa imvi, nanjuta patsogolo panga.

"Mwana wa mnzanga, ukufuna chiyani?"

"Munene."

"Ndinene chiyani?"

"Mukudziwa. Munene mokweza, awa amve."

Anayang'ana uku ndi uku, koma aliyense anali ataweramitsa mutu. Ndiye mawu anatuluka.

"Ndinamva. Belu lija ndinalimva. Ndinawaona ataima."

"Anali ataledzera?"

"Iyayi. Sankamwa."

Che Amidu, poti anali Msilamu, anangoti, "Astaghafirullah, Mulungu atikhululukire," n'kugwira kukamwa.

Pamenepo ndinatulutsa kachitini. Sindinawapatse m'manja, ndinakaika pansi, pamatope, kuti atole okha. A Jelevazio atamata n'kupopa, Che Amidu anatola pampu ija n'kuimangirira pa njinga yawo. Munthu wosanyamula chida m'gulumo analibe malo. A Jelevazio anayenda nafe mpaka ku Liwonde, pakuti ife sitinali iwo, koma ulendo wotsatira sanaitanidwe. Anayesa kuyenda okha miyezi ingapo, kenaka anagulitsa njinga.

Titabwerera kumudzi, Che Amidu anapita okha kwa mayi kukanena zimene anamva ndi makutu awo. Mayi sanalire. Anangofunsa kuti, "Mukanenanso kutchalitchi kwathu, kumene anthu ankanong'ona?" Ndipo Msilamu uja anapitadi Lamulungu, naima panja mapemphero atatha, n'kuwauza.

Lero ndakalamba, mawondo sakulolanso kupalasa. Ana anga akamva nkhaniyi amafunsa ngati ndinawakhululukira a Jelevazio. Iyayi, ndipo pamaliro awo sindinapite. Koma pali chimene ndinachimvetsa mochedwa. Chaka chonse chija ndinkalota kuti tsikulo likadzafika ndidzakwera njinga n'kuwasiya pamsewu, nawonso alawe chibayo. Ndikanatero, akanafa ndi bodza lawo m'mimba, bambo anga n'kukhalabe chidakwa m'kamwa mwa anthu. Chimene chinandibwezera dzina la bambo n'chakuti ndinakhala pomwepo, ndikuzizidwa nawo, mpaka analankhula.

Njinga ija inatha kalekale, koma belu ndinalichotsa. Lili pa zenera, ndipo chaka chilichonse chiperoni chikagwa ndimaliliza kamodzi. Limamveka mpaka kumsewu.