Madzi a Mumsana mwa Esinati

Ntchito yanga yoyamba inali yothamangitsa dzuwa. Anthu ndikawauza amaseka, koma ndikanama mphezi indipeze pompano.

Ndinaipeza chonchi. Nditalephera mayeso a Fomu 2, mayeso amene anagwetsa kalasi yathu yonse ndi aphunzitsi omwe, ndinkagulitsa mbatatesi pachipata cha chipatala china chaching'ono cha mishoni, kumapiri a Neno. Tsiku lina kunatulukira bambo wamtali wovala chikhoti choyera. Mbatatesi sanaziyang'ane, anayang'ana manja anga.

"Iwe, manja akowa amanjenjemera?"

Ndinati sanjenjemera ngakhale njoka indilowe m'kabudula.

"Khadi lachipani uli nalo?"

Ndinali nawo awiri, langa ndi la mbuzi yathu, poti nayonso inkalowa mumsika. Lolemba lotsatira ndinayamba ntchito mu labu.

Bamboyo anali a Gondwe, woyeza magazi, wochokera kumpoto. Magetsi kunalibe. Maikulosikopu yawo, makina aja okuza tinthu tosaoneka ndi maso, inkadalira dzuwa lowalira pakagalasi kapansi pake. Ndiye ine ndinkainyamula: m'mawa pazenera lakum'mawa, masana lakumadzulo, dzuwa likabisala kuseri kwa phiri basi taweruka. Ndipo nkhungu ya ku Neno si yamasewera. M'mwezi wa Juni tinkachita kuikankha ndi phewa kuti chitseko chitseguke. Ndinkatsukanso timabotolo, kuwiritsa masingano, ndi kupukusa ndi dzanja makina ozunguza madzi oyeza, mpaka mkono wamanja unakula kuposa unzake. Mpaka lero telala amandiyeza kawiri.

Mwa zonse zimene tinkayeza, a Gondwe ankalemekeza kwambiri madzi a mumsana. Munthu akabwera khosi litauma, mutu ukung'amba, thupi lili moto, adokotala ankamugoneka chammbali, maondo pachifuwa, ine nditamugwira kuti asagwedezeke. Ankapaka ayodini m'munsi mwa msana, kulowetsa singano yaitali pakati pa mafupa awiri, madzi n'kumadontha m'kabotolo. A munthu wabwinobwino amakhala mbee ngati a pakasupe. A wodwala nthawi zina amachita mbuu ngati matsukwa. Chowadetsa si dothi ayi. Ndi maselo oyera, asilikali a m'thupi, amene athamangira ku ubongo kukamenya nkhondo.

A Gondwe ankadontheza madziwo pagalasi lochindikala la timizere topingasana, n'kuwerenga asilikaliwo kabwalo ndi kabwalo. Otsalawo ndinkawapukusa ine, zodikha pansi n'kuzipaka pagalasi lina, kuthira utoto. Nkhani inali pamenepo. Asilikali okhala ndi timibulu tolumikizana mkati, ngati mtedza m'khoko lake, amabwera pa tizilombo taliwiro, topha munthu m'masiku ochepa, ndipo penisilini ankathana nato. Koma akachuluka aang'ono, a m'bulu umodzi wozungulira ngati nzama, kwa munthu woti wadwala milungu, kawirikawiri ndiye kuti TB yakwera kumutu. Kuibaya penisilini TB kuli ngati kugenda njovu ndi chitsononkho. Jakisoni wake weniweni anali wosowa, ndipo adokotala sankamutulutsa popanda mawu ochokera ku labu.

"Madzi awa sadikira munthu," ankatero a Gondwe. "Ukawasiya patebulo asilikali amasungunuka. Uwerenga manda okhaokha."

Tsiku limene silindichoka m'mutu ndi limene anabwera ndi Esinati, mayi wa ana awiri wa ku Dambe. Anamunyamula pamachira, kukwera ndi kutsika mapiri, kutsogolo kuli mwamuna wake, a Lufeyo, mapewa atasupuka. Anali atadwala milungu ingapo: mutu, kusanza, kenako kulankhula zosamveka. Pofika n'kuti diso limodzi litapotoka. Adokotala anamubaya penisilini pomwepo, koma anapukusa mutu.

"Izi zikuoneka ngati TB. Tione madzi."

A Lufeyo anagwada, chipewa chili m'manja. "Pepani adokotala, ine ndine mkamwini. Zimenezo avomere ndi amalume ake."

Kwathu kuno mwamuna amakakhala kwa mkazi. Angalime phiri lonse, angabereke ana odzaza tchalitchi, koma pa za moyo ndi imfa ya mkaziyo wolankhula ndi mwinimbumba, amalume ake. Ndiyetu singano ya pamsana inali ndi mbiri yoipa. Anthu ankabwera ndi wodwala atafooka kale, ife kupopa, iye kumwalira, mudzi wonse n'kumati singano yamumaliza.

Amalumewo, a Chikaonda, anali atatsala pamsonkhano wachipani. Masiku amenewo pamsonkhano sunkanyamuka ngakhale linthumbu likulowe m'buluku. Unkangoombera m'manja mwamphamvu. Adokotala anatuma munthu panjinga kukawaitana, ife n'kumadikira. Maikulosikopu ndinaisamutsira pazenera lakumadzulo. Pamwamba pa phiri nkhungu inayamba kusonkhana.

"Pita ukalankhule ndi mwamuna wakeyo," anatero a Gondwe. "Pakamwa pakopo lero pagwire ntchito."

Ndinawapeza a Lufeyo pakhonde la wodi ya amayi. Ndinayamba monga mwa chizolowezi changa. Ndinati adokotala athuwa dzanja lawo n'lopepuka moti anabayapo udzudzu pamsana, udzudzuwo n'kuthokoza. Sanaseke.

"Iwe, usandiseketse. Undiuze chinthu chimodzi. Akapopa, achira?"

"Sindikudziwa, achimwene." Mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa panga chibadwire. "Koma tikapanda kupopa, tikhala tikumubaya mankhwala a matenda amene mwina alibe. Ndipo dzuwa likalowa kuseri uko, makina athu saona."

"Mawa?"

"Mawa nkhungu ikhoza osachoka. Ndipo mwamuona mmene akupumira."

"Nanga akafa atapopa?"

"Anena inuyo."

"Anena ineyo," anabwereza. "Ana aja sindidzawaonanso."

Anayang'ana njira ya ku Dambe nthawi yaitali. Munalibe njinga, munalibe munthu, munali nkhuku imodzi yokha. Kenako anaimirira.

"Kawauze apope. Msana ndi wa amalume ake, koma womumva akubuula ndimakhala ine."

Ndinamugwira Esinati monga ndinkagwirira ena onse. Anali wopepuka ngati mtolo wa mapesi. Madzi anatuluka mothamanga, osati mbuu ngati matsukwa, koma ngati galasi loti munthu wapumirapo. Ndinathamanga nawo. Pazenera kuwala kunali kutatha, ndiye tinatulutsa tebulo lonse panja, pabwalo loyanikapo zofunda, pamene panatsala kadzuwa. Ndinapukusa makina aja mpaka chigongono chinalira. A Gondwe anawerenga ataimirira, ine ndikutembenuza kagalasi kutsatira dzuwa limene linkatithawa.

"Anzama okhaokha," anatero pomaliza. "Kawauze adokotala atulutse jakisoni wa TB."

Nditabwerako ndinapeza a Lufeyo ataima patali, akuyang'ana kabotolo kaja. Anthu ankanena kuti madzi otere timagulitsa kunja. A Gondwe anawakodola.

"Bwerani muone kumene apita madzi a akazi anu."

Anawerama, natsinzina diso lolakwika, ine n'kuwakonza. Atayang'anitsitsa, anafunsa.

"Timadontho iti n'chiyani?"

"Asilikali ake," anatero a Gondwe. "A m'thupi mwake momwe."

"Onsewa?"

"Onsewo. Ambiri atsala mkati."

"Ndiye kuti sanangogona, eti? Akumenya."

"Akumenya."

Nkhungu inatipeza pomwepo, n'kutiphimba tonse atatu ndi tebulo lomwe.

A Chikaonda anafika mawa lake. Sanakalipe. Anavundukula nsalu, naona pulasitala pamsana pa mwana wa mlongo wawo.

"Anavomera ndani?"

"Ndine, amalume," anatero a Lufeyo.

"Chabwino."

Chabwino ameneyo ndinamumva ngati chitseko chikutsekedwa.

Esinati anatsitsimukako pang'ono. Anamuzindikira mwamuna wake, nafunsa ngati nandolo anakolola. Sabata isanathe anamwalira. A Gondwe anawatsatira a Chikaonda mpaka pachipata, kuwafotokozera kuti matendawo anali atadya kale milungu, kuti singano inangotiuza dzina lake. A Chikaonda anamvetsera mwaulemu, nathokoza, nanyamula maliro awo. Atameta maliro, akuchikazi anawasudzula a Lufeyo. Mkamwini wabwino amatha kumusiya alere ana ake, kapena kumuuza kuti pakhomo mpanu, muzibwera. Koma a Lufeyo anangopatsidwa khasu ndi mphasa, n'kulozeredwa njira. Ana anatsala.

Patapita zaka ndinawapeza a Lufeyo ku Matope, akusoka ukonde m'mbali mwa Shire, imvi zili mbuu. Anandizindikira ndi mkono. Tinalonjerana, tinakamba za nsomba, za mvula. Za ana sindinafunse, nawonso sananene. Ndikutsanzika anandigwira malaya.

"Asilikali aja anali ochuluka, eti?"

Ine ndine munthu woti mbewa ndimaisandutsa njati popanda kuphethira. Tsiku limenelo ndinafunafuna choonjezera, osachipeza.

"Anali ochuluka, achimwene. A Gondwe anachita kutopa nawo."

"Ndinadziwa," anatero, akubwerera ku ukonde wawo. "Esinati sanali waulesi."

Mu labu ndinakhalamo mpaka kupuma. Magetsi anabwera, makina anasintha, dzuwa linasiya kundithawa. Koma a Lufeyo anandiphunzitsa chimene a Gondwe sanandiphunzitse: kuti "popani" ndi mawu amodzi, koma wowanena amatha kulipira ndi khomo lake lonse. Kuyambira pamenepo, machira akangolowa pachipata ndi mayi wouma khosi, ndisanasambe m'manja ndinkafunsa kumene kuli amalume, njinga n'kunyamuka nthawi yomweyo, ngakhale yanga. Ndipo mkamwini akavomera yekha chifukwa madzi sadikira, tsiku lofika amalume ndinkaima pambali pake. Akafunsa kuti anavomera ndani, ndinkayankha msanga kuti tinavomera tonse.