Ndinalowa Mgodi ndi Dzina la Achimwene

Ndiulule, poti ukalamba sudziwa manyazi: ndili mwana ndinkakhulupirira kuti dzina lili ngati jekete, umabwereka ukazizidwa n'kubweza dzuwa likatuluka.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, sukulu itandilavula mu Sitandade 3. Ku mgodi wa ku Shabani, kumene lero mumati Zvishavane, ankalemba anyamata osankha miyala, koma ankafuna okulirapo. Achimwene anga a Faisoni anali atabwerera ku Ntcheu, kumene iwowo anabadwira makolo athu asanabwere kuno, n'kusiya khadi lawo la ubatizo m'chitini cha amayi. Ndinalitenga. Mabalani, kalaliki wa pamgodi, anayang'ana khadi, anayang'ananso timiyendo tanga tonga udzudzu, n'kulemba basi. Madzulo ndinafika kunyumba fumbi loyera lili mbuu mpaka m'makutu, ndikuyenda ngati foromani.

Bambo sanandimenye. Anangoti, "Iwe Lasitoni, munthu amaiwala, koma pepala siliiwala." Ndinaseka mumtima, poti iwowo pepala ankaligwira chozondotsa.

Chitupa changa chinatuluka cha Faisoni wobadwira ku Nyasalande. Ukwati ndinalembetsa ndi dzina lomwelo, ana chimodzimodzi. Kunyumba Lasitoni, ku ofesi Faisoni, ndipo onse awiri ankadya bwino.

Kenaka zinafika zaka zija mgodi utayamba kutsokomola, m'masitolo mutatsala mashelefu okha. Mwana wanga Esinati, amene anaphunzira unamwino, anapeza malo pachipatala china ku Botswana. Chinatsala ndi pasipoti. Ku ofesi anamuuza kuti bambo ake ndi mlendo, ndiye nayenso abweretse mapepala a kwawo kwa bambowo. Mapepala a ndani? A Faisoni enieni anali atagona kale ku Ntcheu.

Tinapita ku Gweru kwa loya wa nkhani za unzika, mayi wamfupi wa magalasi, amene khonde lake linadzaza ndi ife ana a anthu a m'migodi ndi m'mafamu. Ndinayamba ndi nthabwala monga mwa chizolowezi changa. Sanaseke. Anandifunsa kumene ndinabadwira, ndinati ku Maglas, kukomboni ya mgodi, kuseri kwa mpopi. Anagogoda chitupa ndi cholembera, n'kunditchula monga anthu a kuno atchulira agogo.

"Sekuru, amene wakhala pampandoyu ndi ndani?"

Ndinaulula zonse, Esinati akumva koyamba. Mwanayo anangoyang'ana pansi.

Mayi uja anagwira ntchito, ndisaname. Analemba makalata ku mishoni, ku mgodi, ku Harare, magetsi akathima ankalemba ndi dzanja. Ine ndinabwerera ku Gweru kangapo pamwamba pa lole, maminibasi aja timati makombi atasowa mafuta. Pomaliza anamupeza Lasitoni m'buku lakale la ubatizo, wobadwira kuno ndithu. Ndinayamba kuvina muofesimo. Iye anati ndikhale pansi: pakufunika munthu wamkulu wolumbira kuti khanda la m'bukulo ndi ineyo. Amayi anga anapita kumanda, azamba anapita, anzanga a kukomboni chifuwa cha mgodi chinawatenga. Ndinapeza gogo mmodzi ku Mbizo amene anandiberekapo kumbuyo, koma atandiona anandifunsa ngati ndabwera kudzagulitsa nkhuni.

Loya anati nkhaniyo ikhoza kutheka kukhoti, koma khoti liyenda ngati birimankhwe. Achipatala anadikira mpaka anatopa, malo anapatsa wina. Ndi pamene ndinazindikira kuti bodza la mwana limakalamba naye, ndipo likafuna kuluma silisankha mwini wake.

Tsiku limene kalata ya ku Botswana inafika, Esinati anatenga dengu n'kupita kumsika kukayamba kugulitsa tomato. Usiku umenewo ndinayesa kuseketsa mkazi wanga Nabanda, ndinati taonani mwayi wanu, amuna awiri pamphasa imodzi. Anapitiriza kupinda yunifolomu yoyera ya mwanayo, osandiyang'ana.

"Awiri inde," anatero, "koma mwana wanga wasowa bambo ngakhale mmodzi."