Zikhadabo m'bokosi la machesi

Mwana wanga wamkulu anasiya kuseka ali sitandade fayifi. Mano ake anatuluka ndi mawanga ofiirira, ndipo anzake kusukulu anamupatsa dzina loti Dzimbiri. Akafuna kuseka ankaphimba pakamwa ndi dzanja. Ndinayesa zonse: mswachi watsopano, soda, makala, mpaka phulusa limene anandiuza mayi wina mu minibasi ya ku Chilobwe. Mawanga aja sanasunthe. Chimene chinkandisowetsa mtendere kwambiri chinali mng'ono wake, amene anali atangoyamba kuyenda. Ndinkamukanula kukamwa m'mawa uliwonse ngati ndikugula mbuzi.

Tsiku lina titaweruka kutchalitchi anatiuza kuti kwabwera anthu ofufuza za mano. Mtsikana wina wa gululo anafotokoza kuti madzi a zitsime zina ali ndi mchere wotchedwa fuloraidi, umene ukachuluka umathimbiriritsa mano akadali m'nkhama, asanatuluke. Anati chikhadabo chimasunga zimene thupi lakhala likumwa, choncho ankapempha zikhadabo zakumapazi za ana kuti akaziyeze.

Amayi ena anayamba kunyamuka mmodzimmodzi. Ndani kwathu kuno amapereka zikhadabo za mwana kwa mlendo? Ife tinakula tikuzikwirira kapena kuzitaya m'chimbudzi, kuopa kuti wina angazitole n'kukakuchitira nazo zoipa. Nanenso ndinaopa, sindikana. Koma ndinkafuna kudziwa chinthu chimodzi basi: chitsime cha kuseri kwa nyumba yathu ku Nancholi tichisiye kapena ayi? Mpopi unali kutali, kukwera chitunda, ndipo msana wanga unali utayamba kale kudandaula.

Ndinawenga zikhadabo za wamng'onoyo n'kuziika mu envulopu. Amuna anga, mkulu wa mpingo, munthu woseka aliyense wotchula za ufiti, anadzipereka kukaisiya ku ofesi ya ofufuzawo popita kuntchito ku Ginnery Corner.

“Bweretsani kuno, mayi a ana, ndidutsa nayo,” anatero.

Kudikira kunandidwalitsa. Ndikatunga madzi ndinkawayang'anitsitsa m'ndowa ngati andiyankha. Yankho litabwera linati mchere uja ndi wochepa, palibe chodetsa nkhawa. Ndinavina pakhonde, aneba n'kumandiona. Tinapitiriza kumwa pachitsime, ndipo za mano a wamkuluyo ndinangoti mwina n'zakumtundu, kwa abambo ake.

Zaka zinadutsa, wamng'onoyo anagwetsa mano akutsogolo. Atsopano atasuzumira, ndinamukokera padzuwa kuti ndione bwino. Mawanga omwe aja! Ndinaitana abambo ake, amene anali kupukuta nsapato pakhonde. Anayang'ana kukamwa kwa mwanayo nthawi yaitali, kenako analowa kuchipinda. Potuluka anali ndi bokosi la machesi lokulungidwa mu kampango. Atalitsegula, munali tizikhadabo touma.

“Izi ndi zake,” anatero chapansipansi. “Mu envulopu muja ndinaikamo zanga. Ndinazidula tizidutswa kuti asazindikire.”

“Zanu? Inu amene mumaswera ku ofesi n'kumamwa madzi a pampopi?”

“Ndinafika pakhomo pawo penipeni, manja anakana. Ndi mwana wanga, mayi a ana. Sindinkadziwa kuti akapita nazo kuti.”

Ndinakwiya kwambiri. Ndinafuna kuwafunsa za ulaliki wawo wonse uja wotsutsa za ufiti, koma nditaona mmene anagwirira bokosilo, ndi manja awiri ngati dzira, ndinangozisiya. Zikhadabozo anali atazisunga zaka zonsezo m'thumba la jekete yawo ya kutchalitchi, palibe mlendo anazikhudza. Chitsime tinachisiya tsiku lomwelo, koma mano sabwera kachitatu.

Mwanayo anasuzumira m'bokosimo, ataona tizikhadabo take anaseka kwambiri, mano onse pamtunda. Mkulu wake anabwera, anamugwira dzanja, n'kumuonetsa mmene amaphimbira pakamwa.